Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: tipatseni polemba chimene chikuvulaza anthu

Kwa olemekezeka akuluakulu a maunduna a zaumoyo, oyang'anira zipatala, ndi inu nonse amene mumakonza mafomu ndi mabuku a kaundula amene ife timalembamo tsiku ndi tsiku,

Landirani moni wanga waulemu. Ine ndine namwino, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndazithera m'chipinda cholandirira anthu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Ndikudziwa kuti katundu amene mwasenza ndi wolemera. Mankhwala amaperewera, ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo aliyense wogogoda pakhomo panu amabwera ndi pempho lake. Sindikulemba kuti ndiloze munthu chala. Ndasankha kulemba poyera chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuitchula m'misonkhano ya kuntchito, onse n'kugwedeza mitu kuvomereza, koma tikangotuluka imathera pomwepo. Komanso si nkhani ya ife a m'chipatala tokha. Ndi ya makolo, alimi, oyendetsa njinga zamoto, ndi aliyense amene amawoloka msewu m'mawa.

Dandaulo langa ndi ili. Buku lathu limafunsa kuti munthu wavulala pati pa thupi lake, koma silifunsa chimene chamuvulaza, kumene zachitikira, kapena chimene amachita pa nthawiyo.

Usiku wina mayi analowa akuthamanga, mwana wa zaka ziwiri ali m'manja. Mwanayo ankatsokomola mobanika, ndipo fungo la parafini linatipeza iwo asanafike n'komwe pabedi. Ndikumuika mpweya wa okosijeni, ndinawafunsa mayiwo kuti zachitika bwanji. Anati parafiniyo anali m'botolo la chakumwa kuseri kwa chitseko, ndipo mwanayo ankayesa madzi. Anawonjezera akunjenjemera kuti anamupisa chala kukhosi kuti asanze. Sankadziwa kuti kusanzitsa mwana amene wamwa parafini kumatha kulowetsa mafutawo m'mapapo. Mwanayo anachira patapita masiku angapo. Koma nditakhala pansi kuti ndilembe m'buku, ndinalemba dzina, zaka, mawu akuti "poizoni" ndi akuti "wagonekedwa", mzere n'kutha. Za botolo, za kuseri kwa chitseko, za chala chija, zonse zinatsala m'mutu mwanga. Ameneyu anali mwana wachitatu wa parafini mwezi umenewo, ndipo odziwa zimenezo tinali awiri okha, ine ndi mnzanga amene tinkagwira naye usiku.

Mwezi utatha, ana atatuwo anawerengedwa pamodzi ndi bambo amene anamwa dala mankhwala ophera tizilombo m'munda, komanso agogo amene anasokoneza mapiritsi awo. Lipoti linangoti poizoni, 5. Komatu awa ndi mavuto atatu osiyana. La ana likufuna mabotolo a zivindikiro zimene mwana sangatsegule, ndi uthenga kwa makolo woti asamasanzitse. La bambo uja likufuna lamulo pa kagulitsidwe ka mankhwala oopsa, ndi thandizo kwa anthu amene maganizo awathina. La agogo likufuna kuti wopereka mankhwala azifotokoza modekha. Nanga inu amene mumalandira nambala ija ku likulu, mungadziwe bwanji poyambira?

Vutoli si laling'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti kuvulala kumapha anthu pafupifupi 4.4 miliyoni chaka chilichonse, zimene ndi imfa pafupifupi 8 pa 100 zilizonse. Ngozi za pamsewu zokha zimatenga anthu pafupifupi 1.19 miliyoni, ndipo ndizo zili patsogolo kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Mwa imfa 10 zilizonse za pamsewu, zoposa 9 zimachitika m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pachaka, kupsa pafupifupi 180,000. Chondipweteka n'chakuti m'mayiko ambiri manambala oterewa amachita kuwayerekeza ndi masamu, chifukwa kaundula wodalirika palibe. Anthu ovulalawo amadutsa m'manja mwathu mmodzimmodzi, timawaona ndi maso, timamva nkhani zawo ndi makutu athu, koma dziko likafuna kudziwa, limachita kulota.

Tsono ndiloleni nditchule madandaulo anga.

Loyamba ndi la mafomu. Njira yolembera zimenezi ilipo kale, sitikupempha kuti wina aitulukire. Buku la mayiko onse logawa matenda m'magulu, la ICD-10, lili ndi mitu iwiri ya kuvulala. Mutu 19 umanena za bala lenilenilo, monga kuthyoka kwa fupa la ntchafu kapena kupsa pachifuwa. Mutu 20, kuyambira V01 mpaka Y98, umanena chimene chavulaza munthu: woyenda pansi wagundidwa ndi galimoto, mwana wagwa mumtengo, walumidwa ndi galu, wamenyedwa ndi chinthu chakuthwa. ICD-11, buku latsopano lolowa m'malo mwa ICD-10, imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, nayonso ili ndi mutu wake wa zoyambitsa kuvulala. M'zipatala zambiri timagwiritsa ntchito theka loyamba, lachiwiri n'kulisiya. Mu 2001 WHO mogwirizana ndi CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, inatulutsa malangizo a kalondolondo wa kuvulala, ndipo inati zosayenera kusowa ndi zinthu 8: nambala ya wodwala, zaka zake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mtundu wa bala, chimene chamuvulaza, malo amene zachitikira, chimene amachita, ndiponso ngati zachitika mwangozi kapena mwadala. Zinayi zoyambazo timalemba kale. Zotsala ndi zinayi basi, ndipo papita zaka zoposa 20 chitulukire malangizowo.

Ena amati tilibe nthawi yofunsa zonsezi. Ine amene ndimaima pamenepo ndikuti mafunsowa timafunsa kale, chifukwa popanda iwo sitingathandize munthu. Wogwa padenga ndi wopunthwa pakhonde sitiwayang'ana mofanana. Woyambayo timamuteteza khosi ndi msana ngakhale akunena kuti ali bwino. Wokwera njinga yamoto timamufunsa ngati anavala chipewa choteteza mutu, chifukwa yankho lake limatiuza kuti timuyang'anire motani usiku wonse. Mayankhowo timawamva, nthawi zina timawalemba mothamanga pa pepala la wodwala limene amapita nalo kwawo kapena limakasungidwa m'mulu wa mafayilo. Chosowa ndi kabokosi kochongamo pamalo pamene wowerengera angakaone.

Lachiwiri ndi lakuti pa nkhani ya ngozi ndi ziwawa, maboma ambiri amadalira manambala a apolisi okha. Sindikupeputsa ntchito yawo, koma iwo amalemba zimene zafika kwa iwo. Wogwa panjinga yekha sapita kukadandaula. Womenyedwa ndi munthu amene amamuopa sapitanso. Onsewa amabwera kwa ife. Zimenezi anaziona dokotala wa opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada Jonathan Shepherd mu mzinda wa Cardiff ku Wales. Iye anapeza kuti ambiri mwa anthu omenyedwa amene ankawasoka sankadziwika kupolisi. Kuyambira m'ma 1990, olandira odwala kumeneko anayamba kufunsa mafunso ochepa: zachitikira pati penipeni, nthawi yanji, ndi chida chanji. Mayina ankachotsedwa, ndipo zotsalazo ankagawana ndi apolisi ndi khonsolo ya mzinda. Apolisi anayamba kuima pamalo oyenera pa nthawi yoyenera, misewu ina anaisiyira oyenda pansi, ndipo malo ena omwera mowa anasiya matambula agalasi amene ankacheka anthu nkhope. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2011 anaonetsa kuti ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha ziwawa anachepa ndi 42 peresenti poyerekeza ndi mizinda ina yofanana nawo. Panalibe makina odula pamenepa. Panali kalaliki wofunsa, ndi akuluakulu okhala pansi kuwerenga mayankho.

Ine pali mphambano ina imene ndimaidziwa ndi mtima ngakhale sindidutsako kawirikawiri. Ndimaidziwa chifukwa cha miyendo. Oyendetsa ambulansi akangoitchula, ndimayamba kukonzeratu zoikira chikhakha. Koma mutandifunsa kuti ndi anthu angati avulalira pamenepo chaka chino, ndilibe pepala loti ndikuonetseni, ndipo a zamisewu sangaike zitunda zochepetsa liwiro chifukwa cha zimene namwino akukumbukira.

Lachitatu limandiwawa kwambiri, ndipo ndilo limafooketsa anzanga. Zochepa zimene timalemba zimakwera kupita ku likulu, osabweranso. Mwezi ndi mwezi timaphatikiza manambala, wina amawalowetsa mu kompyuta, ndipo sitimvanso kanthu. Munthu amene sanaonepo phindu la zimene amalemba, pamapeto pake amangolemba kuti "ngozi" kapena "zina", n'kupitiriza ntchito. Musamuimbe mlandu. Taonani kusiyana kwake ndi matenda opatsirana. Anthu asanu a kolera akachokera dera limodzi, foni imalira tsiku lomwelo, gulu limanyamuka kukayang'ana chitsime, ndipo n'zoyenera kutero. Koma anthu asanu akathyoka miyendo pa mphambano imodzi, palibe foni imene imalira. Chikhalirecho kuvulala nakonso kuli ndi gwero lake, nthawi yake ndi anthu amene kumakonda kuwagwera, monga mmene alili matenda.

Dziko la Sri Lanka linasonyeza zimene zimachitika akuluakulu akamva mawu ochokera m'mawodi. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 linali pakati pa mayiko amene anthu ankadzipha kwambiri padziko lonse, ambiri pomwa mankhwala a m'munda. Chifukwa chakuti zinkadziwika kuti ndi mankhwala ati enieni amene akupha anthu, boma linayamba kuletsa oopsa kwambiriwo motsatizana: ena mu 1995, endosulfan mu 1998, paraquat pakati pa 2008 ndi 2011. Chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, ofufuza akuyerekeza kuti miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo zokolola sizinatsike chifukwa cha ziletsozo. Zikanakhala kuti onse ankangolemba "poizoni" monga ndinalembera ine usiku uja, akanaletsa mankhwala ati?

Lachinayi ndinena mwachidule. Kaundula wa ovulala akabwera, nthawi zambiri amabwera ngati pulojekiti ya ndalama zakunja, ndi fomu ya masamba angapo, ndi akalaliki ake apadera. Zaka ziwiri kapena zitatu zikatha ndalama zimatha, akalaliki amapita, mafomu amatsala m'makatoni. Tikuthokoza amene amatithandiza, koma ntchito imeneyi iyenera kukhala ya boma, yolowa m'buku limene timalembamo kale.

Lachisanu ndi la anthu amene safika kwa ife amoyo. Mwana womira m'madzi kawirikawiri amamwalira pomwepo, ndipo ngati wafika kuchipatala amapita ku nyumba ya chisoni osadutsa pakhomo pathu. Ku Bangladesh zinatengera kafukufuku wa khomo ndi khomo wa mu 2003 kuti dziko lidziwe kuti kumira kunali patsogolo kupha ana opitirira chaka chimodzi, chifukwa mabuku a zipatala sankaonetsa zimenezo. Buku lathu palokha silingakupatseni chithunzi chonse. Liyenera kukumana ndi la ku nyumba ya chisoni, la olembetsa imfa, la ambulansi ndi la apolisi.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la chinsinsi, ndipo pano ndikupempha kuti mundimvetsetse, chifukwa tikalakwitsa apa tidzavulaza anthu amene tikufuna kuwateteza. Funso lakuti "zachitika mwangozi kapena wina wakuvulazani?" silingafunsidwe pa benchi podzaza anthu. Ndikukumbukira mayi wina amene anabwera dzanja litatupa, diso litatsekeka. Atafunsidwa pakhomo anati wagwa. Mwamuna amene anawaperekeza anaima pambali, ndipo ndi iye amene ankayankha mafunso ambiri. Nditawatengera mayiwo kuseri kwa katani kuti ndikawatsuke bala, ndinawafunsanso motsitsa mawu. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako misozi inayamba kutsika, n'kunena kuti aka sikanali koyamba. Zikanathera pakhomo paja, akanawerengedwa m'gulu la ogwa, ndipo wina akanaganiza kuti vuto ndi masitepe. N'chimodzimodzi ndi amene ayesa kudzipha. M'mayiko ena kuchita zimenezo kukadali mlandu, kotero munthu ndi abale ake amabisa. Anthu adzanena zoona pokhapokha atatsimikiza kuti dzina lawo silituluka m'chipatala popanda chifukwa cha lamulo, ndiponso kuti akanena, pali thandizo limene alandire. Kufunsa munthu za nkhanza kenako n'kumubweza kumene wachokera opanda chomuthandiza, imeneyo ndi nkhanza inanso.

Olemekezeka, mu 2019 mayiko onse a WHO anavomereza chigamulo cha WHA72.16 cholimbikitsa chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo kusonkhanitsa manambala m'njira yofanana kuli momwemo. Ku United Nations mayiko analonjezanso kuchepetsa ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamsewu pofika 2030. Theka la chiyani, ngati sitikudziwa pamene tayambira? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tikufunsa, koma tilibe posunga mayankho. Choncho ndikupempha izi:

1. Wonjezerani m'buku la kaundula ndi mu kompyuta ya m'chipinda cha ovulala mizere inayi: chimene chavulaza munthu, malo amene zachitikira, chimene amachita, ndi ngati zachitika mwangozi, mwadala, kapena sizikudziwika. Ikhale yochonga, osati yolemba ndime. Pa ngozi za pamsewu pakhalenso posonyeza ngati munthuyo anali woyenda pansi, wapanjinga, wa njinga yamoto kapena wa m'galimoto, ndi ngati anavala chipewa kapena lamba. Pa poizoni pakhale polemba dzina la chimene wamwa. WHO ili ndi fomu ya ovulala yokonzedwa kale imene mungayambirepo.

2. Musanasindikize fomuyo, khalani pansi ndi anamwino, madokotala ndi akalaliki amene adzaidzaze pakati pa usiku, ndipo muiyese kaye kwa miyezi ingapo. Lamulo likhale lomveka kuti moyo ndiwo woyamba. Munthu akutaya magazi sitigwira cholembera, koma asatuluke kapena kupita ku wodi mizereyo isanadzazidwe.

3. Ngati simungathe kuyamba ndi zipatala zonse, sankhani zochepa za m'mizinda ndi za kumidzi, zichite bwino ntchitoyi chaka ndi chaka. Dziko la America, ndi chuma chake chonse, kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1970 linkatsata kuvulala kobwera ndi katundu wogulidwa pogwiritsa ntchito zipatala pafupifupi 100 zokha zosankhidwa, mu dongosolo lotchedwa NEISS.

4. Pa chipatala chilichonse chotero pakhale kalaliki wolembedwa ntchito ndi boma, wophunzitsidwa bwino, ndipo usiku ndi kumapeto kwa sabata kukhalenso wogwira ntchitoyi, chifukwa ndi nthawi imene ovulala amachuluka.

5. Miyezi itatu iliyonse tibwezereni tsamba limodzi lolembedwa m'mawu osavuta: chimene chikuvulaza anthu kwambiri m'dera lathu, kuti, nthawi yanji, a zaka zingati. Tilipachike pakhoma, ndipo anthu a m'deralo alimve pa wailesi ndi m'misonkhano yawo.

6. Khazikitsani msonkhano wokhazikika wa azaumoyo, apolisi, a zamisewu, a zaulimi, a zamaphunziro ndi makhonsolo, wokambirana manambala opanda mayina, ndipo msonkhano uliwonse uzitha ndi dzina la ofesi imene yatenga ntchito ndi tsiku loti idzanene zimene yachita. Manambala a ku nyumba ya chisoni ndi a ambulansi akhale patebulo pomwepo.

7. Lembani malamulo a chinsinsi, perekani malo obisika ofunsira, ndipo tiphunzitseni kufunsa za nkhanza ndi za kudzivulaza mosaweruza munthu, tikudziwa kumene tingamutumize akatiuza zoona.

Kwa anzanga a m'zipatala amene muwerenge kalatayi, itumizeni kwa amene amakuyang'anirani, ndipo onjezanipo zimene mwaona inuyo. Kwa makolo ndi abale, mukabwera ndi wovulala, tiuzeni zonse mmene zachitikira, ndipo ngati wamwa chinthu, bwerani ndi botolo lake.

Ine pakadali pano ndayamba kulemba chovulaza ndi malo ake ndi pensulo m'mphepete mwa buku, ndipo anzanga awiri a usiku ayamba kuchita chimodzimodzi. M'mphepetemo malo ndi ochepa, ndipo wophatikiza manambala a mwezi sawerenga za pensulo. Ngati wina wa inu angapeze mpata, abwere adzakhale nafe usiku umodzi wa Loweruka. Tidzamupatsa mpando pafupi ndi khomo, ndipo bukulo tidzamutsegulira.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino wa m'chipinda cha ovulala